Mmene Elliot Anayambira Kudya Nkhuku Yosinja

Mukamachoka ku Salima boma kulowera ku Senga Bay, musanafike pomwe msewu umayamba kununkha usipa wouma, pali mtengo wa mango. Pansi pake pamakhala njinga zogonekedwa chagada, miyendo m'mwamba ngati nkhuku za chitopa, ndipo pakati pa njingazo pamakhala mwamuna wa dazi atamiza chubu m'beseni la madzi, kufunafuna pomwe pakutuluka mpweya. Ameneyo ndiye Elliot, mwana wa mlongo wanga. Mukamupeza mumupatse moni, koma musamufunse za nkhuku. Za nkhukuzo mundifunse ine.

Ndine malume ake. Tikaima pamodzi anthu amati wamkulu ndi iyeyo, pakuti dazi linamuyamba kalekale pomwe ine tsitsi langa likadali kuchita mwano. Koma ine ndine chitsiriza m'nyumba ya amayi anga, iye ndi woyamba wa mlongo wanga wamkulu, ndiye tinakula tikulimbirana mkute m'mbale imodzi. Ndinamutsogolera kubadwa ndi dzinja limodzi lokha, koma ulemu wa dzinja limodzilo ndimaufuna wonse, osachotsera.

Kuno kunyanja aliyense amadziwa kudya nsomba, koma Elliot anali mphunzitsi wathu. Utaka unkalowa mbali ino ya kamwa, minga n'kumatuluka mbali inayo itayera ngati yachapidwa ndi sopo, mwini wake akukamba za mpira osapuma. Amphaka a m'mudzi mwathu anasamukira ku Chipoka, chifukwa pomwe wadyera Elliot sipankatsala choti mphaka anyambite. Ali mnyamata anayesa kupita panyanja ndi asodzi, koma mwini bwato anamuchotsa, ati nsomba zikamva kuti Elliot wakwera zimathawira ku Mozambiki. Analowa ntchito yotsuka mbale pa loji ina. Kumeneko mbale ankazitsuka kawiri, koyamba ndi pakamwa, ndipo agalu a bwana wake atayamba kuonda anamuuza kuti akayese kwina. Pomaliza Mulungu anamuchitira chifundo, anamupatsa ntchito imene zipangizo zake sizidyeka. Sipanala, pampu, zigamba za mphira. Anakhazikika pansi pa mango uja, anakwatira Patricia, mkazi wopirira amene waphika mpaka mithiko kufupika, ndipo anthu a kabaza onse a msewu uno amadziwa kuti gudumu limene wawongola Elliot silipindikanso.

Dzina lake lenileni komabe linali la pambale. Pa ukwati uliwonse ophika ankayamba afunsa kaye ngati Elliot abwere, kenako n'kuyeza mpunga. Iye ankanyadira zimenezi kuposa mmene ena amanyadira satifiketi.

Vuto linayamba chaka chija nyanja inakwera n'kulowa m'mipanda ya maloji. Poyamba kunali kutsokomola akamamwa tiyi. Kenako chinangwa chinayamba kuima panjira, m'munsi mwa khosi, pomwe pamakhala kolala ya shati. Akameza, chinkapita pang'ono n'kukhala pansi ngati munthu wodikira minibasi. Nthawi zina chimene wadya m'mawa chinkabwerera masana chili chomwecho, osasintha ngakhale mtundu. Akamwa madzi, pakhosi pankalira ngati pabisala chule.

Tsono muyenera kuwadziwa anthu a kunyanja. Kuno munthu akangogwira pakhosi palibe amafunsa funso. Ndi munga wa nsomba, basi. Ndipo mankhwala a munga aliyense anabadwa nawo: umeze chinthu chachikulu osatafuna kuti chikaukankhe. A kabaza obwera kudzamatitsa machubu anasanduka madokotala.

"Mezani nthochi yathunthu, bwana Elliot."

"Nthochi ndi yofewa, iwe. Chinangwa chozizira ndiye chimathana nazo."

"Tengani munga wa chambo muike pamutu, mnzake ali pakhosiyo atsika yekha."

Elliot anameza nthochi zokwana dimba lonse. Anameza chinangwa, mbatata, mpunga woumba ngati mpira. Anakhala tsiku lathunthu munga uli pa dazi, ukutsetsereka iye n'kumaubwezera. Mungawo sunatsike, koma thupi ndi limene linatsika. Buluku linayamba kumuvuka, analimanga ndi mphira wa chubu chakale. Khosi linatalika. Ine ndinamuuza kuti akapitiriza chonchi tidzamugwiritsa ntchito ngati sipoko.

Zachipatala sankafuna n'kumva komwe. "Ndikanene kuti chiyani, a malume? Kuti Elliot walephera kumeza? Anamwino akaseka mpaka amve ku Lilongwe."

M'malo mwake anaphunzira mawu awiri amene sanawatchulepo chibadwire: ndadya kale. Pamaliro, ndadya kale. Pa ukwati, ndadya kale. Kunyumba Patricia ankamuphikira phala lamadzimadzi, iye n'kumamwa chitseko chili chotseka, atamulumbiritsa mkaziyo kuti asauze munthu. Ine ndinkadziwa chifukwa mphuno yanga sitsekeredwa kunja, koma ena onse ankangoona kuti Elliot wayamba kunyada.

Ndiye kunabwera nkhani ya Takondwa. Takondwa ndi mwana wa Anna, mlongo wake wa Elliot. Amalandira alendo pa loji ina ku Senga Bay, mtsikana woseka ndi maso, amene ine ndimamutcha mkazi wanga monga amachitira agogo aliyense wodziwa udindo wake. Anandisiya ine n'kukonda Mayeso, mnyamata wolima mpunga ku Maganga, amene ankabweretsa matumba kulojiko n'kumachedwa kutuluka pa geti. Zinthu zitafika poti akulu akumane, nkhoswe ya Takondwa inali Elliot, malume ake enieni. Ine abale anandikana unkhoswe kalekale, ati ndikatsegula pakamwa ngakhale ukwati wodalitsidwa kutchalitchi umagwedera. Ntchito yanga ndi kuperekeza.

Tinapalasa njinga kupita ku Maganga. Nkhoswe ya kumeneko inali bambo wofatsa, malume ake a Mayeso, amene ntchito yake inali kuvomereza zimene anena mlongo wake. Mlongo wakeyo, mayi ake a Mayeso, ndi a Nambewe. Mayi wamtali, wamasiye, amene akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha.

Nkhani inayenda bwino. Kenako kunabwera madzi osamba m'manja, mpunga wa faya wonunkhira mpaka kumsewu, ndi nkhuku. Nthutumba anaiika m'kambale kakekake n'kukakankhira pamaso pa Elliot. Inu mukudziwa kuti nthutumba sapatsa munthu wamba. Nkhuku ndi imodzi, nthutumba ndi imodzi, ndipo amene waipatsidwa ndiye mlendo amene nkhukuyo yafera.

Elliot anasamba m'manja bwinobwino, n'kuwapukuta pa buluku.

"Pepani asewele, ine ndadya kale."

Ngakhale nkhuku zotsala pabwalo zinasiya kupalasa.

"Mwadya kale?" anatero a Nambewe. "Kuchoka ku Senga Bay pa njinga, dzuwa lonseli?"

"Tinadya panjira."

A Nambewe anandiyang'ana ine. Ine ndinali ndili kale pakati pa ntchafu, mafuta akutsikira kuchigongono. Sindinkaoneka ngati munthu amene wadya panjira. Pofuna kuchotsa manyazi a banja ndinadya mbali yanga ndi yake yomwe, koma nthutumba inabwerera kukhitchini ili yokhayokha m'kambale kake.

Ulendo wachiwiri Elliot anabwera ndi nzeru. Anavala jekete, kutentha konse kwa Salima kuja, ndipo m'thumba anayalamo jumbo. Nkhuku ina inafa, nthutumba inabweranso. Iye ankatenga, kufikitsa kukamwa, kugwedeza nsagwada, a Nambewe akayang'ana kumbali dzanja n'kutsikira m'thumba. Ndinamuona ndipo ndinamusirira, chifukwa luso limenelo ngakhale akuba a mumsika wa pa boma alibe. Kambale kanayera. A Nambewe anamwetulira koyamba, mano awo ndinawaona tsiku limenelo.

Chimene Elliot anaiwala ndi chakuti ku Maganga alendo amawaperekeza, ndipo woperekeza samakhala munthu yekha. Titangotuluka pabwalo tikukankha njinga, galu wa pakhomopo anayamba kuyenda pafupi ndi Elliot ngati anakulira limodzi. Anabwera wa pakhomo loyandikana. Anabwera ena ochokera kutsidya kwa madimba, ena ndikukhulupirira anakwera kabaza kuchokera ku boma. Elliot ankayenda pakati pa chigulu cha agalu ngati phungu pa msonkhano. Pomwe ankati atsanzike, galu wa pakhomo uja analowetsa mphuno m'thumba n'kukoka jumbo. Mpunga unamwazika. Nthutumba inagubuduka, kugubuduka, n'kukaima pa chala cha a Nambewe.

Mayiwo sanakalipe. Anangoiyang'ana, anamuyang'ana Elliot, n'kunena kuti, "Muyende bwino." Ine ndakhala ndikutukwanidwa moyo wanga wonse, koma sindinamvepo mawu oopsa ngati amenewo.

Uthenga unatipeza sabata isanathe, wobwera ndi bambo wofatsa uja, akuyang'ana pansi. A Nambewe ati nkhani yaima. Munthu wobisa chakudya chako m'thumba ndiye kuti akuganiza kuti wamuthirira mankhwala, apo ayi akupita nacho kwa sing'anga. Nkhoswe yoopa mbale yathu idzaweruza bwanji nkhani za m'nyumba ya ana athu? Mawa mwana wawo akadzamva mutu adzati tamudyetsa. Ngati banja la ku Senga Bay likutiona ngati afiti, asunge mwana wawo, ifenso tisunga wathu.

Masana a tsiku lotsatira Takondwa anabwera pansi pa mango, akadali mu yunifolomu ya kuloji. Ine ndinali pa benchi, kuyang'anira ntchito monga mwa masiku onse.

"Mkazi wanga, wabwerera kwa ine?" ndinatero. "Ndinakuuza kuti alimi a mpunga ndi osadalirika."

"Agogo, lero ayi."

Maso ake anali ofiira. Ndinatseka pakamwa, chinthu chimene chimachitika kamodzikamodzi ngati kadamsana. Anagwada pafupi ndi Elliot, amene anali kalikiliki kumanga masipoko a gudumu lowongoka kale.

"A malume, anthu aja anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Ngati Mayeso simukumufuna mungondiuza."

"Mnyamata uja ndi wabwino. Ngakhale njinga yake amaisamala."

"Nanga n'chiyani? Amayi ake akuti asandiimbirenso foni. Kuntchito anzanga ayamba kale kusoketsa zovala za chinkhoswe. Ndiwauze kuti chiyani, kuti ukwati wanga wadyedwa ndi galu?"

Elliot anazunguza gudumu lija, n'kumaliyang'ana mpaka linaima lokha.

"Tipitanso Loweruka," anatero. "Ndikadya."

Mtsikanayo atachoka ndinamuuza kuti, "Iwe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ungokawauza zoona anthu aja."

"A malume, ine ndili ndi dzina."

"Dzinalo lakwana m'buluku lomanga ndi chubu?"

Elliot anatenga pampu n'kuyamba kupopa tayala la munthu amene sanapemphe.

A Nambewe anavomera kutilandira, koma ulendo uno sanabwerere kukhitchini. Anayala mphasa patsogolo pathu n'kukhala, manja pamiyendo. Anthu oyandikana nawo anapezeka kuti onse ali ndi chobwereka pakhomopo tsiku limenelo, wina mchere, wina sefa, ndipo atabwereka sanachoke. Agalu anakhala mzere kumbuyo, mwachiyembekezo. Elliot jekete analisiya kunyumba.

Kambale kanabwera. Elliot anasamba m'manja nthawi yaitali ngati akupita kukachita opaleshoni. Anatenga nthutumba, anaiponya m'kamwa. Inu mukudziwa kulimba kwa nthutumba ya nkhuku yachikuda, imene yakula ikumeza miyala ya ku Maganga. Anatafuna. Anatafunanso. Dzuwa linasuntha. Potsiriza anatseka maso, anameza, n'kuthirapo madzi.

Chule uja analira, onse anamva. Kenako maso a Elliot anatuluka ngati a chambo cha pa ayezi. Anatsokomola, madzi n'kutulukira m'mphuno, misozi mbwembwembwe. Ine ndinadumpha n'kuyamba kumumenya kumsana, mwina mopitirira pang'ono, poti mwayi womenya munthu wa dazi anthu akukuyamika subwera kawiri.

A Nambewe anaimirira, manja kumutu. "Mayo ine! Musafere pano, asewele! Anthu adzati n'zoona! Mukafere kwanu!"

Elliot anatembenukira kumbali, anawerama, n'kudina ndi zala kumanzere kwa khosi monga ankachitira kuseri kwa nyumba yake. Nthutumba inabwerera. Pambuyo pake panabwera kachidutswa ka nthochi imene anameza m'mawa pokonza njira, kali bwinobwino ngati kangosendedwa kumene. Ine ndikulumbira kuti ndinaonanso mtedza umene tinadya pa Khirisimasi, koma Patricia amati pamenepo ndimawonjezera.

Atapeza mpweya anakhala tsonga, anapukuta nkhope. Anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iye.

"Asewele, mbale yanu sindiiopa. Mpunga wanu ndimaumva kununkhira mpaka mtima kuwawa. Pakhosi panga ndi pamene pandikana. Chaka chatha chonse ndakhala ndikumwa phala ngati khanda, chitseko chotseka. Ndinachita manyazi, poti anthu amandidziwa ndi kudya. Takondwa musamulange, sakudziwa kanthu."

A Nambewe anamuyang'ana kuyambira pa dazi, kutsika khosi lotalika lija, mpaka pa mphira wa m'chiuno. Anakhalanso pamphasa.

"Bambo aakulu ngati inu," anatero. "Nkhuku zanga kutha, tulo osagona ine ndikudzifunsa kuti ndinawalakwira chiyani anthu a kunyanja, ana kulira uku ndi uku. Chonsecho ndi manyazi a kummero?"

"Ndi munga, mayi," ndinathandizira ine.

"Inu khalani chete, mwadya zokwanira. Munga wanji wokhala pakhosi chaka chathunthu? Ukulipira lendi?" Anatembenukira kwa oyandikana nawo aja. "Mwabwereka mchere, mwaupeza. Wina andigwirire nkhuku yakuda ija, wina abweretse mtondo."

Nkhuku yakuda inafa imfa yosayembekezera. Itapsa, a Nambewe anatenga nthutumba ndi chiwindi ndi mnofu wa pachifuwa, anaponya mumtondo, n'kusinja okha ndi munsi, akung'ung'udza pa kugunda kulikonse. Anathira msuzi, anasefa, n'kubwera nazo m'kambale komwe kaja, supuni ili pambali.

"Pang'onopang'ono. Palibe akukuthamangitsani."

Elliot anatenga supuni. Anameza. Tonse tinayang'ana khosi lake ngati anthu oonera penate. Chule anayesa kulira, n'kusiya. Zinatsika. Mayi wa sefa uja anaimba nthungululu, agalu anabalalika mokhumudwa, ndipo Elliot anamaliza kambale konse, misozi ikugwera momwemo, ati ndi tsabola.

"Nkhoswe yadya," anatero a Nambewe. "Nkhani ipitirire. Koma chinkhoswe sindikonza musanapite kuchipatala. Sindifuna nkhoswe yoti mphepo ya mwera ikawomba tikaitole ku Nkhotakota."

Amene anakana kumvera mkazi wake, malume ake ndi thupi lake lomwe, anamvera a Nambewe. Ku boma anamutumiza ku Lilongwe, Patricia ali pambuyo ngati wapolisi. Kumeneko anamumwetsa zinthu zoyera ngati laimu wopaka nyumba, n'kumujambula akumeza. Munga sanaupeze. Dokotala anamuonetsa chithunzi n'kumufotokozera kuti pomwe khosi limakumana ndi njira ya chakudya pali mnofu umene umayenera kutseguka munthu akamameza. Wake unali utauma, sunkatseguka bwino, ndiye chakudya pokankhana chinatupitsa khoma la pamwamba pake mpaka panapangika kathumba. Zimene ankameza zina zinkapita m'mimba, zina zinkalowa m'kathumbako n'kukhala. Nthochi zonse zija zinkangokadzaza kathumbako, ndipo anamuuza kuti anachita mwayi kuti zina sizinalowere kumapapo.

Elliot anabwerako ali wonyada ngati wapambana chikho. "Chubu chotupa!" ankawauza a kabaza. "Vavu yauma, mpweya ukusowa kolowera, chubu n'kutupira pambali. Inu mumati ndipope kwambiri, mbuli inu."

Opaleshoni anamuuza kuti adikire, mzere unali wautali. Podikirapo anamulangiza kudya zofewa, pang'onopang'ono, atakhala tsonga, osagona atangodya. Chinkhoswe chinachitika iye akadali pa mzerewo. Anthu anadzaza, tambala ndi thadzi zinasinthana manja, ndipo nthawi ya chakudya itakwana Elliot anakhala kutsogolo, pamaso pa Senga Bay ndi Maganga, n'kudya nkhuku yosinja ndi supuni, osabisa. Polangiza ana anangoti, "M'nyumba musamabisirane, ngakhale chinthu chochititsa manyazi. Chobisa chimatuluka ndi galu." Takondwa anaseka mpaka kulira, Mayeso akumupukuta ndi mpango.

Opaleshoni inachitika ukwati utadutsa, ndipo inayenda bwino. Lero Elliot ali ndi kachipsera pakhosi kamene amaonetsa aliyense, ngakhale amene wangofunsa njira. Lamba weniweni anabwerera m'chiuno. Utaka akudyanso, koma modekha, ngati munthu amene anakhalapo m'ndende. Amphaka amene anabwerera kuchokera ku Chipoka nthawi ya phala ija ndamva ayambanso kumanga katundu.

Koma ku Maganga nkhani sinasinthe. Tikangotulukira pa njinga, tisanatsike n'komwe, timamva mtondo ukulira kuseri. Elliot anayesapo kamodzi.

"Asewele, pajatu ndinachira. Ndikhoza kutafuna."

"Tikudziwa," anatero a Nambewe, akumukankhira kambale ndi supuni. "Kapena mwadya kale?"

Angakane bwanji? Anakanapo mbale ya pakhomo limenelo, ndipo akudziwa chimene chinatsala pang'ono kuchitika. Ndiye amadya. Pano Takondwa ali ndi mwana amene wayamba kumene kulawa zakudya, moti a Nambewe amasinjira awiri pamodzi. Amawakhazika pamphasa imodzi, onse a dazi, aliyense ndi supuni yake. Ine ndimakhala chapatali pang'ono ndi ntchafu zonse ziwiri, kuwalimbikitsa kuti amalize.